Tcheni Yodzikunga Yokha

Achimwene anga anafika pakhomo panga ku Mchinji masana ena ine nditangoweruka kuchipatala, ndikuchapa yunifomu kuseri kwa nyumba. Ndinamva chiphokoso ngati cha thirakitala, ana a aneba onse n'kuthamangira kumsewu. Nditatuluka ndi thovu m'manja ndinapeza chinjinga chamoto chakuda chitaima pansi pa mtengo wa mango, msinkhu wake ngati ng'ombe ya pangolo, mabokosi uku ndi uku, kutsogolo kuli galasi lotchinga mphepo. Woyendetsayo anavula helimeti, ine n'kumupatsa moni wa mlendo. Ndinamufunsa kuti akufuna nyumba ya ndani.

"Chemwali, ndine," anatero.

Ndinawazindikira chifukwa cha mpata wa m'mano basi. Munthu amene ndinkamudziwa ine anali wa masaya, wa khosi lonenepa, wokonda kuseka mokweza mpaka anthu kutembenuka. Uyu anali mafupa okhaokha m'kati mwa jekete yachikopa, ndipo mawu awiri okhawo anamusiya ali wefuwefu. Ndinayang'ana pansi, poti ife anamwino maso athu amathamangira kumapazi, ndipo ndinaona kuti nsapato zawo sizinamangidwe zingwe chifukwa cha kutupa.

Kwathu ndi ku Phalombe. Achimwenewa anabwera kuno ali mnyamata kudzagwira ntchito pa esiteti ya fodya cha kwa Kapondo, anakwatira komweko, n'kubereka mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo atangoyamba kuyenda, iwo anati akupita ku Joni kukasaka ya malata, abwera chaka chamawa. Chaka chamawacho chinatenga zaka zoposa makumi awiri. Alamu anga anamwalira iwo ali konko, kumaliro osabwera, ndipo mwana analeredwa ndi amalume ake. Ine boma litanditumiza ku Mchinji ndinamufunafuna mwanayo mpaka kumupeza, tinazolowerana, ndipo ndine ndinapereka nambala yake kwa bambo akewo. Ndinkati mwina manyazi awagwira.

Anayamba kulemberana mauthenga pafoni. Achimwene ankatumiza zithunzi, ndipo chithunzi chilichonse chinali cha iwo ataima pambali pa njinga ija, atavala jekete ndi magalasi akuda, mimba ili patsogolo. Zinali zithunzi zakale, koma mwana akanadziwa bwanji? Anazionetsa mudzi wonse. Ndiye atawauza kuti akukwatiwa fodya akatha kugulitsidwa, iwo analonjeza kuti asavutike ndi kubwereka galimoto ya akwati. Bambo ake abwera okha kuchokera ku Joni, adzamunyamula pa njingayo kuchoka pakhomo la tchalitchi mpaka kumadyerero, anthu a kwa Kapondo adzaone kuti mwanayu si wamasiye.

N'chimene anabwerera. Mmene anayendera ulendo wonsewo, kudutsa m'Zambia mpaka kulowa pachipata chathu chino, ndi mtima umene unali m'chifuwa mwawo, mpaka lero sindimvetsa. Ndinapita nawo kwa madokotala athu. Anawapatsa mapilitsi ochotsa madzi m'thupi, ndipo mmodzi wa iwo, amene ndagwira naye ntchito nthawi yaitali, anangondiyang'ana. Ndinadziwa tanthauzo lake. Ndaona anthu ambiri ogona chokhala chifukwa akagona chagada mpweya umawathawa, ndipo ndimadziwa kumene njira imeneyo imathera. Kusiyana kwake kunali kwakuti awa anali achimwene anga, amene ankandibereka kumsana powoloka mtsinje popita kusukulu.

Ukwati unali patsogolo ndi masabata angapo. Ndinawauza kuti tikwere minibasi mawa lomwe tikamuone mwana.

"Ndipita tsiku lake."

"Nanga tsiku lakelo mukapanda kulipeza?"

"Iwe unabadwa ndi pakamwa poipa."

"Mwana akufuna bambo ake, sakufuna chitsulo."

"Mwana akudikira munthu wa pa chithunzi," anatero, akuyang'ana manja awo. "Munthu ameneyo watsala pa njinga pokha. Ndikatsika ndine ndani?"

Ndinakalipa mpaka aneba anazimitsa wailesi kuti amve bwino. Sizinathandize. Ngakhale kumuimbira foni ankakana, ati mwana angamve kupuma kwawo. Ankangolemba kuti ali m'njira, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisaulule kuti afika kale. Ndinavomera chifukwa munthu wodwala mtima sumulimbana naye mpaka mapeto.

Chimene chinkawadetsa nkhawa iwo sichinali mtima. Inali njinga. Chilowereni m'misewu ya maenje ya m'Zambia inali itayamba kulira kulira kwina kwake kumanzere, pansi, pafupi ndi popondera phazi. Sikunali kugogoda ayi, kunali kung'ung'udza kopyapyala kumene kunkakula njinga ikatentha. M'mawa uliwonse ankaitulutsa, kuiliza, kupendeketsa mutu n'kumamvetsera ngati mmene ine ndimamvetserera chifuwa cha wodwala.

Tsiku lina anandikhazika pansi kuti andiphunzitse, ine ndisanapemphe. Anati njinga zikuluzikulu zoyendera maulendo ataliatali ngati imeneyi kumbuyo kulibe tcheni, kuli lamba. Tcheni yake ili m'kati mwa chivundikiro cha kumanzerecho, imasambira mu oyilo, ndipo ndi imene imatenga mphamvu ku injini kupititsa ku magiya. Pansi pa tcheniyo pali kachipangizo kotchedwa tenshona, kokhala ndi sipuling'i ndi timano. Tcheni ikakhwefuka pang'ono, kameneka kamakwera dzino limodzi n'kuikunga. Kale munali tenshona yomanga ndi sipanala, koma mnzawo wina wa ku Joni anawachotsera n'kuwaikira iyi.

"Ya otomatiki, chemwali. Imadzikunga yokha. Siifuna munthu."

"Ndiye ikulira chiyani ngati siifuna munthu?"

Anangoti pa Kamwendo amva kuti pali makanika wodziwa.

Tinapita Lachitatu la sabata ya ukwati, ine nditakwera kumbuyo koyamba m'moyo wanga, ndikupemphera mokweza. Kunena zoona, pa tara njinga ija inkayenda ngati wakhala pa sofa. Ndinaona anthu akusiya zochita n'kumatiyang'ana, ndinaonanso msana wa achimwene ukuwongoka, ndipo kwa kanthawi ndinamvetsa chimene ankatanthauza. Koma pofika pa Kamwendo anali atatheratu. Potsika ndinachita kuwagwira, n'kuwakhazika pa benchi pakhonde la golosale, iwo akukoka mpweya ndi mapewa.

Makanika uja anali bambo wachikulire, waulemu, amene anthu onse a kabaza wa njinga zamoto a pamenepo ankamudalira. Sindimuimba mlandu, ngakhale masiku ena ndimafuna nditatero. Anazungulira njinga, anagwada kumbuyo kufuna tcheni, n'kupeza lamba.

"Amayi, njinga yanuyi yavala lamba ngati thalauza," anatero, anthu amene anatizungulira n'kufa nazo.

Achimwene analoza chivundikiro chija ali pa benchi pomwepo. Makanika anabweretsa beseni, anakhetsera oyilo mmenemo, n'kuyamba kumasula mabawuti. Ankandipatsa ine kuti ndiwasunge m'mbale yachitsulo, ndiye ntchito yanga tsiku limenelo inali imeneyo, kuima padzuwa ndi mbale ya mabawuti. Chivundikiro chitachoka ndinaiona tcheni ija, yonenepa, ya mizere iwiri, ikunyezimira, ndipo pansi pake panali kachinthu kapulasitiki kooneka ngati chidendene cha nsapato. Ndinadabwa kuti kanthu kakang'ono chonchi n'kamene kakutisowetsa mtendere.

Anaidina tcheniyo ndi chala, inagwedera pang'ono. Anafunafuna bawuti yokungira, sanaipeze. Kenako anamwetulira ngati wakumana ndi m'bale wake.

"Iyi ndikuidziwa. Ngakhale m'tinjinga ta anyamatawa muli katcheni ka m'kati ndi katenshona kake. Sipuling'i ikatopa imalephera kukankha, tcheni n'kumalira. Timangoithandiza."

Anthu a kabaza aja anavomereza onse. Aliyense wa iwo njinga yake inali itathandizidwapo chomwecho, n'kusiya kulira. Kwa iwo tcheni yolira ndi tcheni yokhwefuka, palibenso china. Makanika analowetsa sikuludiraiva pansi pa kachidendene kaja n'kukanyamula. Kanalira kuti tha. Ananyamulanso, kanaliranso kuti tha. Atadina tcheni ija ndi chala sinagwederenso ngakhale pang'ono.

Za njinga sindidziwa kanthu, koma ndamangapo mabandeji ambiri, ndipo ndimadziwa kuti chinthu chikathina mpaka chala osalowa, pamakhala mavuto.

"Abambo, nanga ikathina kwambiri?"

"Ibwerera yokha, amayi. Si ya otomatiki?"

Ndinatembenukira kwa achimwene. Anali atatsamira khoma, maso ali otseka, milomo itachita mdima. Anangokweza dzanja.

"Ndi ya otomatiki," anatero.

Ndikanatani ine? Amuna oposa khumi anali atagwirizana, mwini wake wavomera, ine ndili ndi mbale ya mabawuti. Anatseka chivundikiro, anabwezeramo oyilo yemwe uja atamusefa pa kansalu, n'kuiliza. Kulira kuja kunasintha, kunakhala kopyapyala kwambiri, kosalala. Onse anati mwamva, yasiya. Ine ndinkakumvabe, koma ndinadziuza kuti mwina ndi makutu anga.

Loweruka m'mawa achimwene anadzuka ndi mphamvu zimene sindinazione chibwerereni. Anameta ndevu, anapukuta njinga mpaka inkaonetsa nkhope, anaboola bowo lina pa lamba wa thalauza ndi msomali. Pampando wakumbuyo anayalapo kansalu koyera kuti diresi la mwana lisadzade, ine n'kundiuza kuti ndikhale mosamala ndisakakwinye. Anavala jekete ija ndi magalasi akuda. Atakwera n'kuvala helimeti, ndinaima pakhomo ndikuwayang'ana, ndipo analidi munthu wa pa chithunzi uja. Ndinalowa m'nyumba ngati ndaiwala kanthu kuti asaone misozi.

Pa tara tinayenda bwino. Mavuto anayamba titakhotera mumsewu wafumbi wolowera kwa Kapondo, umene malole a fodya anali atausiya uli mabampu okhaokha. Njinga inkadumpha, mano anga akugundana, ndipo kulira kuja kunayamba kukwera. Phazi langa lamanzere linayamba kumva kutentha. Kenako kunabwera fungo la chinthu chopserera. Ndinawamenya pamsana kuti aime, iwo anapukusa mutu n'kuwonjezera moto. Ndikuganiza kuti nawonso ankadziwa, ankangofuna kuti ikafere pakhomo la tchalitchi.

Sinafike. Pakati pa minda ya mapesi ouma, pansi pathu panamveka kukukuta ngati chigayo chameza mwala, njinga inagwedezeka, n'kuzima. Achimwene anaponda pansi, koma miyendo ija sikanatha kugwira chinthu cholemera chonchija. Inapendekeka pang'onopang'ono mpaka kugona m'fumbi, ife n'kugwera kumbali. Oyilo wakuda ankatuluka kuseri kwa chivundikiro n'kumalowa mumchenga. Kansalu koyera kaja kanali pansi.

Tinayesa kuidzutsa awiri. Inali ngati tikukankha nyumba. Achimwene anayesa kachiwiri okha, n'kukhala pansi mwadzidzidzi, akukoka kolala ya jekete. Ndinawavula jeketeyo ndi helimeti, ndinawatsamiritsa pa chulu, ndinawagwira pamkono kumvetsera mtima. Unkathamanga n'kumapunthwa. M'chikwama mwanga munali mphatso ya akwati, botolo la madzi ndi mpango. Zaka zonse zimene ndagwira ntchito m'chipatala, ndinalibe chowachitira china koma kuwakupiza ndi mpangowo.

Mpweya utabwerera anatulutsa foni n'kuimbira mnzawo wa ku Joni uja, amene anawaikira tenshona. Anaika pokweza, nanenso ndinkamva. Munthuyo anali Mmalawi mnzathu, ndipo achimwene anamufotokozera nkhani yonse.

"Mwati anaikweza ndi sikuludiraiva? Aaa, achimwene. Imene ija siibwerera. Timano take timalola kukwera kokha. Pa mabampu tcheni ikamadumpha, iyo imayesa kuti yakhwefuka, imakwera yokha, ndiye njinga ikatentha tcheni imathina. Kulira kuja inali ikukuuzani kuti yathina kale. Pamafunika kuichotsa yonse, kuibweza pansi, n'kuiikanso. Apa ndiye kuti yadya bering'i ya kuseri."

"Ingakonzeke lero?" anafunsa achimwene.

"Lero? Bering'i yake kumeneko simungaipeze. Ndichite kutumiza pa basi."

Anadula foni. Anakhala akuyang'ana njinga ija nthawi yaitali, kenako anati ndipite ndekha, ndikamuuze mwana kuti bambo ake anachedwa pachipata.

Pamenepo ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinawauza zonse zimene ndinazisunga zaka makumi awiri, za maliro a alamu, za mwana amene ankapita kusukulu wopanda nsapato iwo akujambulitsa zithunzi, za amayi athu amene anamwalira akufunsa ngati kwabwera kalata. Ndinati ngati ayenda ulendo wonsewu kuti adzathere pa chulu, ine ndiwanyamula kumsana ngati mmene ankandinyamulira ine. Nditatopa ndinakhala pansi pambali pawo, tonse awiri tili fumbi lokhalokha.

Anthu ena odutsa ndi ngolo anatithandiza kudzutsa njinga n'kuikankhira pakhomo lina lapafupi. Mayi wa pakhomopo analola kutisungira, pamodzi ndi jekete, imene inali itadetsedwa ndi oyilo, ndi helimeti. Anatiitanira anthu awiri a kabaza wa njinga zakapalasa. Achimwene anakwera pa kaliyala atavala shati imene inkawalendewera m'mapewa, manja atagwira pansi pa chishalo. Magalasi akuda aja anali atathyoka pogwa paja.

Tinafika mapemphero akutha. Chinthu choyamba chimene ndinaona chinali gulu la ana ataima pamphambano, akuyang'ana kumsewu. Anatidutsitsa osatiyang'ana n'komwe, maso ali kumbuyo kwathu. Pabwalo la tchalitchi panalibe galimoto ngakhale imodzi. Pamalo pamene ikanaima anali atasesa bwino, n'kuzunguliza miyala yopaka laimu, ndipo amayi ena ankauzana kuti pamenepo ndi poimika njinga ya bambo a mkwatibwi. Wina anati wamva kuti ili ndi wailesi ndi firiji. Achimwene anamva zonsezo ataima pambali panga, atagwira mkono wanga kuti asagwe.

Kwaya inatuluka, nthungululu zinamveka, akwati n'kuonekera pakhomo. Ndinamva dzanja lawo likundifinya. Mwana uja anatengera amayi ake msinkhu, koma akamwetulira mpata wa m'mano ndi wa bambo ake. Tsiku limenelo sanamwetulire kwambiri. Atangotuluka maso ake anapita pa miyala ya laimu ija, kenako kumsewu. Amalume ake, amene anali otanganidwa ndi kulongosola anthu, anamunong'oneza kanthu, iye anapukusa mutu. Kenako anandiona ine, anasiya dzanja la mwamuna wake, ananyamula diresi n'kubwera molunjika.

"Azakhali, mwafika! Nanga ababa? Njinga sindikuiona."

Anali ataima pafupi kwambiri moti velo yake inkakhudza shati ya achimwene. Anawayang'ana kamodzi, anapinda maondo pang'ono mwaulemu monga amachitira kwa mlendo aliyense wachikulire, n'kubwezera maso kwa ine. Ndinatsegula pakamwa. Zala zawo zinalowa m'mkono mwanga mpaka kuwawa.

"Ali m'njira, mayi," anatero iwo, pang'onopang'ono, akupuma pakati pa mawu. "Tawadutsa cha uko. Njinga yawavuta pang'ono."

"Ali bwino koma?"

"Ali bwino. Akuti mwatchena kwambiri."

Sanafunse kuti munthu amene ali m'njira waona bwanji kutchenako. Nkhope yake inangowala.

"Zikomo, abambo. Azakhali, muwaimbire, muwauze asathamange. Ndiwadikira."

Anabwerera kwa mwamuna wake. Ine pakamwa panga, pamene achimwene ankati ndi poipa, panauma gwa. Ndinawanong'oneza kuti ndikukamuuza mwanayo, ndipo iwo anati lero ayi, ndisamuwonongere tsiku lake, bering'i ikafika adzabwera bwinobwino. Ndinalola. Ndinati ndidikire ukwati uzizire, ndidzapite ndekha kukamutenga mwanayo, achimwene afune asafune. Mtima wawo sunadikire zimenezo. Tinawaika m'manda sabata yotsatira, ndipo kaphukusi ka bering'i kanafika pa basi ife titasesa kale pamaliro.

Koma tsiku lija mwana anadikiradi. Anaima pakhomo la tchalitchi padzuwa, kwaya inabwereza nyimbo zake zonse mpaka kuyambiranso, abale a mwamuna akung'ung'udza. Mapeto ake amalume ake analankhula naye mwamphamvu, ndipo akwati anauyamba wapansi kupita kumadyerero, atsikana awiri atanyamula mchira wa diresi kuti usakhwekhwerezeke m'fumbi. Anthu onse anatsatira. Ife tinali omalizira, chifukwa achimwene ankayenda pang'ono n'kuima, kuyenda pang'ono n'kuima, atandikolowekera dzanja paphewa.

Msewu umenewo umadutsa anthu a kabaza ambiri. Njinga yamoto iliyonse ikamveka kumbuyo, mkwatibwi ankaima n'kutembenuka, maso ake n'kutidutsa ife pamwamba, kukafuna kumsewu.